Maso a Mlongo Wako

Roza mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano, iwe uli kukomboni kukatsanzikana ndi anzako, atate ako ali kudimba. Ndati ndilembe chifukwa ine ndi iwe tikayamba kulankhulana pakamwa sitifika kumapeto. Ine ndikanena limodzi, iwe wayankha kale atatu, ndipo chondipsetsa mtima n'chakuti atatu onsewo amakhala oona. Pepala silindidula mawu. Kalatayi ndiyisiya pa pilo wako. Uwerenge lero lomwe, usadikire kukwera sitima, chifukwa zina zili m'menemu zikufunika usanatuluke pakhomo pano.

Mawa ukupita ku Lusaka, ku yunivesite. Ndikunyada, ndipo sindikubisa. Ine ndinalekezera sukulu panjira kwa masisitere kwathu ku Katete, atate ako anathera unyamata wawo pansi pa mgodi, lero mwana wathu wamkazi akukakhala pa benchi limodzi ndi ana a akuluakulu. Mayina a maphunziro akowo amandipinda lilime, saikoloje ndi bayoloje, koma unandimasulira bwino. Unati ukufuna kudziwa chifukwa chake anthu timasiyana, wina wamantha wina wolimba mtima, wina wogwira nyimbo akangoimva kamodzi wina wophonya mpaka imvi, ndiponso kuti kusiyanako kumakhala pati, m'magazi, mu ubongo, kapena m'maleredwe. Amayi anzanga kutchalitchi akandifunsa ndimati ukukaphunzira chifukwa chake m'mimba ndi m'chipala. Amaseka, amati zimenezo amazidziwa kale popanda yunivesite. Ine ndimawayankha kuti tonse timadziwa zotuluka m'chipalamo, koma palibe mwa ife analowamo kukaona momwe moto wake umayakira.

Koma sichimenecho chandikhazika pansi. Chandikhazika pansi ndi nkhani ya iwe ndi mlongo wako Kosimasi. Chiyambire Lamulungu lija la ulusi simunalankhulane, ndipo sindifuna kuti ukwere sitima zinthu zili chonchi. Ndili ndi ana awiri okha. Ife tikadzapita, iye ndiye mwini mbumba yako, ndiye adzakhale atsibweni a ana ako, wokhala pa milandu yawo ndi pa maukwati awo. Mukasiyana mawa osayang'anana, ndikudziwa mitima ya nonse awiri, mutha zaka aliyense akudikira mnzake. Ndili ndi zoti ndikuuze za iye, koma usathamangire kumapeto kwa kalata monga umachitira ndi mabuku ako. Uyambe wamva izi.

Ndikukumbutse za tsikulo monga ndinalionera ine, chifukwa iwe unali kuyang'ana ulusi, ine ndinali kuyang'ana nkhope za anthu. Titachoka ku Misa, Kosimasi anabwera ndi Belita, mtsikana wa ku Twapia, ku Ndola, amene akufuna kumukwatira, ndipo kanali koyamba mtsikanayo kudya pakhomo pathu. Podikira chakudya iwe unatenga dengu langa la ulusi wolukira majuzi, umene ndimagulitsa kumsika, n'kuukhuthula pamphasa. Unati ndi masewera amene munaphunzira kwa sisitere wa sayansi: munthu amapatsidwa chingwe chimodzi, n'kusankha zonse zofanana nacho mtundu. Atate ako anasankha, Belita anasankha mwamanyazi, zonse zinayenda. Kosimasi unamupatsa chobiriwira. Iye mosakayika anayika pambali pake chofiira, china chonga dothi, china chobiriwira, n'kukhala ngati wamaliza. Tonse tinaseka poyesa akuchita nthabwala. Unamupatsa china, anachitanso chimodzimodzi. Apo iwe unaleka kuseka, n'kufunsa kuti, "A Kosimasi, nanga mawaya kuntchito mumawasiyanitsa bwanji?"

Funso lakolo linali m'malo. Mlongo wako wakhala wothandizira mmisiri wa magetsi kumgodi, ndipo chaka chino anasankhidwa m'gulu la anyamata athu oti aphunzire kukhala amisiri enieni, ntchito imene tisanalandire ufulu inali ya azungu okhaokha. Ngakhale ine ndimadziwa kuti waya wofiira ndiye wonyamula moto, wobiriwira ndiye wopita pansi kuti ateteze munthu, ndipo ukawasemphanitsa, chitsulo chonse cha makina chimapha aliyense wochikhudza. Unafotokoza zonsezi bwinobwino, kuti si ulesi, si matenda opatsirana, ndi momwe maso ena amabadwira, ndipo mankhwala ake palibe. Unafotokoza ngati uli m'kalasi, Belita ali pomwepo manja ali pamiyendo. Potsiriza unati akapanda kukanena yekha kwa akuluakulu ake, iwe ulembera dokotala wa pamgodi. Kosimasi anadzuka osadya, anaperekeza Belita kokwerera basi, ndipo pakhomo pano sanapondenso.

Choyamba ndikuuze ichi, ndipo uchisunge: unanena zoona. Usadzalole munthu kukuuza kuti unalakwa kuona, kapena kuti mtsikana wamng'ono sayenera kuona zimene akulu sanaone. Pansi pa mgodi pali amuna a anthu, atate a ana, amene akanadzagwira makina olumikizidwa ndi mlongo wako. Kumene ukupitako udzaona zambiri zimene anthu sadzafuna kuti uone, ndipo ena adzakunyengerera kuti utseke maso. Usadzatseke. Zimene ndikufuna kukuuza ndi za zimene munthu amachita akatha kuona, ndipo ndilibe buku lozitengamo. Ndili ndi zophophonya zanga zokha, ndipo mwamwayi wako n'zambiri.

Kosimasi ali wamng'ono, tikukhala mukomboni ya mgodi, ndinali ndi kadimba ka matimati kuseri kwa nyumba. Ndikamutuma kukathyola akupsa oti ndipite nawo kumsika, ankabwera ndi mbale yosakaniza, akupsa ndi aawisi, nkhope ili gwa ngati wagwira ntchito yotamandika. Poyamba ndinati ndi ulesi. Kenako ndinati ndi mwano. Atate ako anati mwina wina anamuchita chipongwe kusukulu kuti mutu uzizungulira. Mayina atatu amenewo, ndipo panalibe limodzi loona. Kamtengo ka pakhomo kanagwira ntchito kangapo, kenaka mwana anayamba kubwera ndi akupsa okhaokha, ine n'kumadzitama kwa anzanga kuti mkwapulo umachiza. Mlungu uno ndi pamene wandiuza kuti anangophunzira kudina matimati ndi chala n'kuwanunkhiza. Ndiye iwe, kumene ukupitako adzakupatsa mayina ambiri achingerezi oti uzimata pa anthu. Usafulumire kumata. Ndipo munthu akasintha utamupatsa mankhwala ako, usavine msanga, uyambe wamufunsa chimene wachita iye mwini.

Chinanso chimene ndinaphonya chinali pamphuno panga penipeni. Mlongo wanga Dominiko, atsibweni ako amene anamwalira iwe ukukwawa, kumudzi ankamutcha Sadziwakupsa. Ankakwera mumtengo wa mango n'kutsika ndi aawisi, anzake akufa ndi phwete. Nsalu ankagula zodabwitsa, moti mkazi wake analeka kumutuma kusitolo. Koma kuuzimba amuna ankalimbirana kuyenda pambali pake, chifukwa gwape wogona mu udzu iye ankamuona ena onse asanamuone, ndipo manja ake anali odekha, otha kumasula msampha wopotana popanda kudula chingwe. Kwathu timanena tsiku ndi tsiku kuti mwana wamwamuna amatengera atsibweni ake, kuti za kubele sizisowa. Ine ndinakula ndikumva zimenezo, ndinaseka nawo Dominiko, ndinakwapula Kosimasi, koma awiriwa sindinawaike pamodzi m'mutu mwanga ngakhale kamodzi. Ukamafufuza za munthu, uzifunsa za kwawo, ndipo uzimvetsera ngakhale mayina achipongwe amene anthu amapatsana. Nthawi zina m'menemo ndi momwe mudzi unasungira chimene unaona koma osachimvetsa.

Pamene unanena Lamulungu lija kuti chinthuchi chimayenda kudzera mwa mayi, chimabisala mwa mkazi n'kukatulukira mwa ana ake aamuna, unangochinena ngati ukunena za mvula. Ine chinandilasa. Ndinati kani mwana wanga ndinamupatsa ndine, ine wogulitsa ulusi wa mitundu yonse, amene makasitomala amandifunsa chogwirizana ndi chinzake. Masiku angapo chakudya sichinandikomere. Pambuyo pake ndinadzikhazika mtima pansi pokumbukira kuti bele lomwelo ndi limene linamupatsa manja a Dominiko, ndipo palibe mayi amasankha zoti aike m'mwana. Ndakuuza izi kuti udziwe kuti mawu akuti "zimachokera kwa mayi" ali ndi mayi wake amene akumva. Ukadzawanena kwa anthu ena, uziyang'ana kumene wakhala mayiyo. Unanenanso kuti nawenso ukhoza kukhala utachinyamula, ndipo ndinaona kuti sunachiganizire nkomwe. Udzachiganizira tsiku lina uli ndi khanda pamiyendo.

Nditangofika kuno ku Migodi ndili mtsikana, ndinapeza azungu akugawa anthu m'milu. Atate ako anandiuza kuti polemba ntchito ankafunsa kwanu, ndiye a kwakuti ankati ndi olimba msana, apite ku fosholo, a kwakuti ndi aukhondo, akhale m'maofesi. Atate ako amawerengera m'mutu kuposa kalaliki aliyense amene ndinamuona, koma mulu wawo unali wa fosholo, ndipo anapita ku fosholo. Ndinkakwiya nazo kwambiri. Koma ine wokwiyayo ndinkachita zomwezo. Kwathu anandilangiza kuti Abemba ndi apakamwa ndiponso a manja aatali, ndiye nditaona kuti woyandikana naye nyumba ndi Mbemba, nkhuku zanga zinayamba kugona m'khitchini. Mayi ameneyo ndi bana Mulenga, kunena kwake amake a Mulenga, amene umawadziwa. Tsiku limene iwe unafuna kubadwa atate ako anali pansi pa mgodi, ndipo amene anandimva ndikubuula kudzera pakhoma, n'kundigwira mkono mpaka kuchipatala, n'kumusunga Kosimasi kwawo mpaka nditatuluka, anali iwowo. Kumsika timaunjika matimati m'milu chifukwa matimati sadandaula. Iwe ukupita kukaphunzira kusiyana kwa munthu ndi munthu, ndiye ukadzamva mphunzitsi kapena buku likunena kuti mtundu wakuti uli chonchi, akazi ali chonchi, ana a mukomboni ali chonchi, udzafunse kuti anayesa ndani, m'chilankhulo chanji, ndipo woyesedwayo anali atadya kapena ayi.

Tsopano nkhani imene ikufanana kwambiri ndi yako. Uli kumsana, tinali ndi gulu la amayi a kutchalitchi, tinkakumana kuphika za pa ubatizo. Tsiku lina chivundikiro cha poto wamkulu chinagwa pa simenti. Makanda onse anadzidzimuka, ena kulira, koma kamodzi kanangopitiriza kusewera ndi zala zake. Ine wa maso akuthwa ndinaombanso m'manja kuseri kwa mutu wake, sikanatembenuke, ndiye ndinalengeza pamaso pa gulu lonse kuti mwanayu samva. Ndinali wotsimikiza kuti ndathandiza. Mayi wake, mtsikana wa mwana woyamba, anangomangirira mbereko n'kutuluka. Ku gulu sanabwerenso, kutchalitchi kwathu analeka, ndipo ndikamuona kumsika ankakhota. Ndinamva kuti mwanayo anakaonedwa ku chipatala atakula kale, chifukwa mayiyo anatha zaka akutsutsa aliyense wonena zimenezo, poti kuvomera kukanakhala kuvomera manyazi a tsiku lija. Mwana analidi wosamva. Ndinali wolondola kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo kulondola kwangako sikunamuthandize mwanayo chilichonse.

Ndiye pakamwa pakopo sipofunika yunivesite kuti tidziwe kumene unapatenga. Unatenga kwa ine, ndipo ndikakuona ukulankhula maso akuwala ndimakondwa ndi kuopa nthawi imodzi. Ukaona chinthu mwa munthu, chinthucho ndi chake asanakhale aliyense. Amve ndi iye poyamba, ali yekha, atakhala pansi. Umupatse nthawi yoti akane, akwiye, agone nacho. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo usayambe ndi kuopseza kuti ukanena kwa akuluakulu, ngakhale utakhala kuti pamapeto pake udzayenera kukanenadi. Lamulungu lija unali ndi choonadi, koma unachiperekera pamaso pa mlendo, ndipo mlendo wake ndi amene mlongo wako amafuna kuti azimuona ngati mwamuna wokwanira.

Zina ndi zazing'ono, koma poti ndagwira kale cholembera, ndizinene. Uzidya. Ndimakudziwa, ukalowa m'buku umaiwala kuti uli ndi mimba. Ku Misa uzipita ngakhale anzako ophunzira akuseke, ndipo mafunso ako ovuta uzimufunsanso Mulungu, sachita nawo mantha ngati akatekisiti athu. Anzako ogona nawo chipinda chimodzi usawasandutse oyeserapo. Usamayese munthu amene sanakupemphe, ndipo masewera amene ukudziwa kuti si masewera usamawatche masewera. Anyamata a kumeneko adzabwera ndi mataye ndi chingerezi cha m'mphuno. Iwe amene ukuphunzira kusiyanitsa anthu, uyambire pa iwowo, uone momwe amalankhulira ndi mayi wosesa pakhonde. Ukabwera kutchuthi uzilankhula Chinyanja ndi atate ako, chifukwa akakumva ukuwayankha m'chingerezi amangomwetulira koma zimawawawa. Juzi yobiriwira ndakuikira pansi m'bokosi, ku Lusaka kumazizira ndi mphepo.

Tsopano za mlongo wako. Lachiwiri ndinatseka benchi langa msanga n'kupita kunyumba za mbeta za pamgodi kumene amagona. Sindinakuuze chifukwa ukanafuna kunditsatira ndi mfundo zako. Ndinamupeza atakhala pa sitepe akukonza wailesi ya mnzake. Anandipatsa mpando, anandifunsa za atate ake, za dimba, za iwe sanafunse. Ndinakhala chete nthawi yaitali, chinthu chimene ukudziwa kuti chimandivuta, mpaka anayamba yekha. Anati kuyambira kusukulu ankadziwa kuti pali china, koma sankadziwa kuti n'chiyani. Mawu ake anali awa: "Amayi, ine ndinali kuganiza kuti aliyense amangolota, redi iyi, girini iyi, koma anzanga ali ndi mwayi wolota bwino kuposa ine." Taganiza, Roza, munthu kufika msinkhu wa ndevu akuyesa kuti dziko lonse likungolota mitundu ya zinthu. Ndinamumvera chisoni chimene sindinamumverepo chibadwire.

Anandiuzanso momwe wakhala akupulumukira. Mulenga, mwana wa bana Mulenga uja, amagwira naye ntchito limodzi, ndipo anazindikira kalekale. Sanamufunse kanthu, sanauze munthu. Ankangoti akamasenda mawaya, wofiira amaupinda kansonga asanamupatse, Kosimasi n'kumadziwa ndi chala. Ndinamufunsa kuti nanga akadzamaliza maphunziro n'kumatumidwa yekha, Mulenga ali shifiti ina, adzamupindira ndani. Anangotembenuza wailesi ija m'manja. Kenako anati chimene chikumuwawa si zimene unanena, chifukwa pamene unkalankhula anamva ngati munthu wamutsegulira zenera. Chikumuwawa n'chakuti Belita anazimva nthawi imodzi ndi iye, ndipo anamuona akusekedwa ndi atate ake omwe chifukwa cha ulusi wa amayi ake.

Ndinamuuza za Dominiko. Sankadziwa, ankangokumbukira munthu wamtali amene anamusemera legeni. Nditafika pa dzina lija la Sadziwakupsa anaseka, kuseka kwenikweni, n'kufunsa ngati atsibweni akewo anakwatira ndi kubereka ngati anthu ena onse. Ndinati anakwatira, anabereka, ndipo pa maliro awo mudzi unadzaza. Sindinamuuze chochita. Ndinaluma lilime mpaka kumva kuwawa, koma sindinamuuze. Ndinangomusiyira mtedza umene ndinatenga, iye anandiperekeza mpaka pamsewu.

Dzulo cha m'ma teni ndinangoona waima kutsogolo kwa benchi langa kumsika, atavala malaya oyera nthawi imene amayenera kukhala mu ovolosi. Anapita yekha kwa folomani wake, folomani anamutumiza kwa dokotala, dokotala anamuyesa n'kupeza zomwe unapeza iwe pamphasa. Amuchotsa pa maphunziro a magetsi. Sanamuthamangitse ntchito, amupititsa kwa amisiri okonza mapampu, koma akukayambira pansi, kunyamula zitsulo za ena, pamene anzake amene anasankhidwa naye limodzi adzakhala mabwana ake. Nyumba ya kumtunda ya amisiri imene analonjeza Belita palibenso. Sindikuthira shuga pa zimenezi, mwana wanga. Anataya chinthu chimene anachigwirira ntchito kuyambira ali mnyamata, chimene atate ake ankachinena kwa aliyense wodutsa pamsewu. Iye sanalire. Ndinalira ndine, kuseri kwa milu ya ulusi, makasitomala akudikira.

Za Belita sizinadziwike. Mtsikanayo sanakane, koma kwawo ku Twapia nkhani yafika itapindika, akuti mkamwini ali ndi matenda a maso ndipo ana adzabadwa akhungu. Ndikukumbukira unanena kuti mwamuna sapatsira ana ake aamuna chinthuchi, amene amachinyamula mobisa ndi ana ake aakazi, ndiponso kuti si khungu ayi. Mawu amenewo akhoza kupulumutsa ukwati wake, ndipo pabanja pathu wotha kuwafotokoza bwino ndiwe wekha. Koma usadzipereke. Usakwere basi ya ku Ndola n'kukaima pakhomo pa eni ake ndi dengu la ulusi. Akakupempha yekha, kaya mawa kaya pa tchuthi, udzapite naye, udzakhale kumbuyo kwake, ndipo udzalankhule iye akakupatsa mpata.

Usadzisenzetse mlandu wa ntchito yake. Ndikukudziwa, ukawerenga izi ukadzitsekera kuchipinda n'kumati ndawononga moyo wa alongo anga. Maso aja sunamupatse ndiwe, ndipo kwa folomani anapita ndi miyendo yake. Pakanapanda iwe, mwina tikanadzazimva tsiku lina belu la pamgodi likulira, akazi akuthamangira kuchipata. Chako chokonza ndi chimodzi, manyazi amene unamuveka pamaso pa mlendo, ndipo amenewo sachoka ndi mfundo.

Dzulo kumsika ndinamukumbutsa Kosimasi za sitima yako ya mawa. Anati akudziwa, anapempha kale kusinthana shifiti. Abwera mawa cha m'ma sikisi m'mawa kudzanyamula bokosi lako. Atate ako anapangana ndi mwini lole wa kuno ku Garneton kuti adzalitenge pakhomo, koma ndawauza kuti lole ikadikire kumsewu waukulu. Bokosilo ndi lolemera ndi mabuku ako, ndipo msewu ndi wautali. Umuleke alisenze. Usamuthandize, usamuuze kuti pali wilibala. Umupatse moni wa ulemu monga mkulu wako. Usayambe ndi kupepesa kwa mawu ambiri, chifukwa kupepesa kwako kumathera m'kufotokoza, ndipo usayerekeze ngakhale ndi nkhope kuonetsa kuti unanena. Uyende pambali pake. Akakhala chete, nawenso ukhale chete, sudzafa nazo.

Asanachoke kumsika dzulo anabwerera kuchokera pachipata, n'kundipatsa mawu oti ndikuuze. Ndinati akuuze yekha, pakamwa ali napo. Anati awa sangathe kuwanena ukumuyang'ana. Ndiye ndikuwalemba monga anawanenera, sindinawonjezere kapena kuchotsa.

"Amayi, mukamuuze Roza apite akaphunzire, adziwe zonse za maso awa. Akadzakwatiwa n'kubala ana aamuna, wina akadzabadwa ngati ine, asadzamuuze ndi iye, ndipo asadzamve kwa anthu. Adzamutumize kwa ine. Ndine atsibweni ake, ndidzamuuza ndekha."

Wamva, mwana wanga. Munthu amene wataya ntchito ya magetsi dzulo m'mawa, masana ake anali kuganiza za ana ako amene sanabadwe. Upite bwino, Mulungu akutsogolere, ndipo uzitilembera. Mawa akagogoda ine sindidzuka, atate akonso ndawauza asadzuke. Ukatsegule ndiwe.

Ine amayi ako,
NaPhiri